Mphamvu za Midzi pa Nkhalango za Boma ku Machinga ndi Balaka

Unduna woona za zachilengedwe, kudzera ku Nthambi ya Zankhalango, ukufuna kumveketsa bwino nkhani imene mafumu ndi anthu a m'maboma a Machinga ndi Balaka amafunsa kawirikawiri, yokhudza mphamvu zimene midzi ili nazo pa nkhalango za boma zoyandikana nayo. Dandaulo la anthuwa ndi lakuti iwo ndi amene amathamangira moto wolusa ukabuka, ndiponso ndi amene amavutika mitsinje ikaphwa, pomwe phindu la mitengo limachoka pa malole a makala kupita kumizinda. Pempho lawo lakuti azikhala ndi mawu pa kasamalidwe ka nkhalangozi ndi lomveka, ndipo lamulo lidapereka kale njira yolikwaniritsira.

Chiyambi cha ndondomekoyi

Nkhalango ya Liwonde, m'mapiri a Machinga, idakhazikitsidwa m'chaka cha 1924, nthawi ya atsamunda. Kwa zaka zambiri ulonda wake udali m'manja mwa boma lokha, ndipo munthu wa m'mudzi akalowamo ankaonedwa ngati wakuba. Alonda ochepa sakadatha kuyang'anira phiri lonse, choncho mitengo idapitirira kutha.

M'chaka cha 1996 boma lidayamba kuyesa njira yosamalira nkhalango mogwirizana ndi anthu, ndipo lidayambira ku Liwonde ndi ku Chimaliro m'boma la Kasungu. Lamulo la Zankhalango la 1997 lidavomereza njirayi, ndipo Ndondomeko ya Zankhalango ya 2016 idaitsimikizanso.

Mmene mgwirizano umayendera

Nkhalango imagawidwa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chimaperekedwa kwa midzi imene yachita nacho malire. Anthu amasankha komiti yawo. Mothandizidwa ndi alangizi a zankhalango, komitiyo imayendera malire, imaona mitengo imene ilipo, kenaka imalemba dongosolo lonena malo oyenera kusiyidwa kuti aphukire, malo otolako nkhuni, ndi nthawi yomweta udzu. Dongosololi likavomerezedwa, komiti imasainirana mgwirizano ndi Mkulu wa Nthambi ya Zankhalango.

Mgwirizanowo ndi umene umatchula zimene anthu angapeze m'chigawo chawo, monga nkhuni zouma, udzu wofolera, bowa, masuku, mankhwala azitsamba ndi malo opachika ming'oma ya njuchi. Umatchulanso kagawidwe ka ndalama za ziphaso pakati pa boma ndi midzi. Mbali yawo, anthu amalonjeza kulambula njira zotchinga moto, kulondera, kusamalira zitsa zophukira ndi kuneneza odula mitengo popanda chilolezo. Komiti iyenera kulemba ndalama zonse m'buku ndi kuziwerenga pamsonkhano wa mudzi, chifukwa ndalama zikayamba kudziwika ndi anthu awiri kapena atatu okha, ena onse amagwa ulesi ndipo nkhwangwa zimabwerera m'phiri.

Zimene mgwirizano susintha

Nkhalango yotetezedwa imakhalabe malo a boma. Mfumu kapena komiti ilibe mphamvu yogawa, kugulitsa kapena kubwereketsa gawo lililonse la malowo. Kutsegula munda, kumanga nyumba ndi kutentha uvuni wa makala m'nkhalangomo ndi milandu, ngakhale wochita zimenezi akhale membala wa komiti. Mgwirizano ukaphwanyidwa ungathe kuthetsedwa.

Malo osungirako nyama a Liwonde ali pansi pa lamulo lina, ndipo kuyambira 2015 akuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi Nthambi ya Zanyama Zakutchire. Mgwirizano wa zankhalango supatsa munthu chilolezo cholowa kumeneko.

Nkhalango za m'midzi

M'boma la Balaka mitengo yambiri ili pa malo a mafumu. Pa malo otere lamulo limapatsa anthu mphamvu zokulirapo. Nyakwawa, pogwirizana ndi anthu ake komanso Nthambi ya Zankhalango, angathe kupatula malo kuti akhale nkhalango ya mudzi. Komiti ya zachilengedwe ya m'mudzimo ndi imene imayang'anira malowo, ndipo mudzi umapanga malamulo ake a kakololedwe. Njira yomweyi ndi yoyenera poteteza magombe a mitsinje monga Rivirivi.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza aliyense

Dothi lokokoloka m'minda ndi m'mapiri a madera ambiri a maboma awiriwa limathera mu mtsinje wa Shire. Ku Liwonde kuli chitseko cha madzi cha Kamuzu, ndipo kumunsi kwake kuli malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, amene matope ndi zinyalala zimasokoneza ntchito yake. Mlimi naye amataya chajila, ndipo dimba limauma msanga. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 adaonetsa chigawo cha kummwera zimene madzi amachita akatsika m'phiri lopanda mitengo.

Amalonda akukumbutsidwa kuti Lamulo la Zankhalango lidakonzedwanso m'chaka cha 2020 ndipo zilango zidakwera. Kupanga, kunyamula kapena kugulitsa makala popanda chiphaso ndi mlandu, ndipo khoti lingathe kulamula kuti katunduyo alandidwe pamodzi ndi galimoto yonyamulira.

Zoyenera kuchita

Midzi yofuna kulowa mu mgwirizano, kapena kutsitsimutsa komiti imene idazilala, iyambe ndi msonkhano wa anthu onse, amayi ndi achinyamata omwe. Chimene agwirizana achipereke kwa gulupu ndi mfumu yaikulu ya deralo, kenaka kwa mlangizi wa zankhalango kapena ku ofesi ya zankhalango ya khonsolo ya boma lawo.

Dziko la Malawi lidalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika chaka cha 2030. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, choncho midzi ikulimbikitsidwa kumaliza zokambirana zake ndi kukonza nazale mvula isanagwe.