Iannis Xenakis ndi Nyimbo Zochokera m'Masamu

Mvula ya matalala ikamagwa pa denga la malata palibe munthu amene angaŵerenge matalalawo limodzilimodzi, komabe khutu limazindikira ngati mvulayo ikukula kapena ikuleka. Mfundo imeneyi ndiyo inali maziko a nyimbo za Iannis Xenakis, Mgiriki amene anaphunzira uinjiniya.

Xenakis anabadwa m'chaka cha 1922. Ali mnyamata analoŵa m'gulu lomenyera ufulu wa dziko la Greece, ndipo pa nkhondo ya m'miseu ya Athens anavulala koopsa kumaso mpaka diso lamanzere linafa. Mu 1947 anathaŵira ku Paris, kumene anagwira ntchito kwa katswiri wa mapulani a nyumba, Le Corbusier. Koma phokoso la khamu la anthu ofuula pamodzi, kenaka nkubalalika pakumva mfuti, silinachoke m'mutu mwake. Kodi phokoso lotere lingalembedwe bwanji kuti oimba aliimbe?

Yankho analipeza m'sayansi ya fizikisi. Mpweya ndi tinthu ting'onoting'ono tosaŵerengeka touluka mbali zonse. Njira ya kanthu kamodzi sidziŵika, koma James Clerk Maxwell ndi Ludwig Boltzmann anaonetsa ndi masamu m'mene liŵiro limagaŵikira pakati pa tonse. M'nyimbo yotchedwa Pithoprakta, imene anaimaliza mu 1956, Xenakis anapatsa aliyense wa oimba zingwe 46 mzere wakewake, nasankha liŵiro la kukwera ndi kutsika kwa mau potsata lamulo lomwelo.

Masamu onsewo ankawaŵerenga ndi manja, ntchito yolemetsa zedi. Mu 1962 analoledwa kugwiritsa ntchito kompyuta ya IBM 7090 ku Paris. Iye ankaiuza zida zoimbira ndi kuchuluka kwa mau ofunika pa sekondi iriyonse, ndipo makinawo ankasankha mau ake ngati akuchita maere. Umu ndi m'mene inapangidwira nyimbo ya ST/10, ya oimba khumi.

Ena anadandaula kuti makina alanda ntchito ya munthu. Koma malire onse ankaika ndi Xenakis, ndipo zotuluka m'makinamo ankazisankha ndi kuzikonza yekha. Mu 1977 iye ndi anzake anamaliza makina otchedwa UPIC, amene ankasandutsa mizere yojambula pamanja kukhala mau, kotero kuti ngakhale ana osadziŵa kuŵerenga nyimbo ankatha kupeka zawo. Xenakis anamwalira ku Paris mu 2001.