Zimene mwana wa ku Kalikiliki anakaona ku Taiwan

PA Sondo yapitayi, Misa yaciwili itatha, tinakhala pa mthunzi ndi mnyamata wina wa muno mu Kalikiliki amene wabwela kucokela ku Taiwan, komwe anakhala zaka zinai pa maphunzilo. Ambili a ife dzina la Taiwan tinalimva cabe pa wailesi, maka-maka pa kampeni ya masankho a 2006 pamene a Michael Sata anali kulichula kawili-kawili. Ena a kum'mawa amene ali ndi abululu ku Malawi adziwa kuti cipatala cacikulu ca Mzuzu cinamangidwa ndi thandizo la Taiwan, ubale wa maiko awiliwa usanathe mu Januwale 2008. Koma za mmene anthu akumeneko amakhalila pa nyumba, tonse tinali mu mdima. Conco mafunso anaculuka.

Taiwan ndi cisumbu ca pa nyanja, kufupi ndi China. Dziko la Zambia ndi lalikulu kuposa cisumbuci pafupi-fupi ka 20, koma pamenepo pakhala anthu okwana 23 miliyoni, kuposa 19.6 miliyoni amene anawelengedwa muno mu 2022. Mbali yaikulu ndi mapili, motelo anthu athinana ku zigwa. Ife a mu komboni kuthinana tikudziwa bwino, ndiye tinachela khutu.

Mnyamatayu anati miyambo ina sinamuvute cifukwa anaiphunzila kale kwa ambuya ake. Cinthu amapeleka ndi kulandila ndi manja awili. Wamkulu amayamba ndiye kudya. Okalamba akakumana, moni wao ndi kufunsana ngati wadya kale. Kuciyambi kwa mwezi wa Epulo kuli tsiku la chuti limene mabanja amapita kukalambula ndi kusesa ku manda a makolo ao, monga momwe ticitila ku mudzi tikafuna kuika mwala pa manda.

Zina zinali zacilendo. Nsapato amavulila pa khomo. Tumitengo todyela mpunga sazika cilili mu mbale, cifukwa tumaoneka ngati lubani wofukizila akufa. Nambala 4 amaipewa popeza m'cinenelo cao imveka ngati liu lakuti imfa, ndipo m'zipatala zina mulibe nsanjika ya nambala imeneyi. Akhristu ndi ocepa. Ambili amapemphela ku akacisi a Cibuda ndi a Citao. Komabe anaona ulendo wa cipembedzo wa masiku 9 woyambila ku kacisi wa ku Dajia, pomwe anthu a m'mbali mwa mseu amagawila oyenda pansi cakudya ndi madzi kwaulele, osafunsa kuti ndiwe ndani kapena upemphela kuti.

Sanatibise zowawa. Nsima kulibe. Kutentha kwake ndi kwa cinyontho, zivomezi zibwela kawili-kawili, ndipo anthu agwila nchito mpaka usiku. M'matauni ang'ono ana anali kumuyang'anitsitsa cifukwa ca khungu. Cinamupweteka kwambili n'cakuti anthu osadziwana sapatsana moni pa njila. Amai wina wa mu kwaya atamva izi anagwila pakamwa, nafunsa kuti nanga munthu akadwala m'nyumba, anansi amadziwa bwanji.

Yankho lake ndilo linatikhalitsa pansi mpaka dzuwa litapendeka. Anati anansi amaonana madzulo, pa motoka ya zinyalala.

Mu mzinda wa Taipei simupeza mulu wa zinyalala pa kona, ngakhale migomo yotayamo ndi yocepa. Masiku 5 pa mlungu, pa ola lodziwika, motoka yacikasu imalowa mu mseu ikuliza nyimbo, kawili-kawili ya Beethoven. Tsiku loyamba mnzathuyu anaganiza kuti ndi ogulitsa aisikilimu. Atasuzumila anaona khamu la anthu, aphunzitsi, ogulitsa pa msika, agogo ndi ana a sukulu, aliyense atanyamula thumba lake. Motoka ikaima, munthu amaponya yekha thumbalo. Kumbuyo kubwela motoka ina yotenga mabotolo, mapepala ndi zitini. Zotsala za ku khichini zili ndi migomo yake: makoko ndi masamba amapangila manyowa, ndipo kwa zaka zambili zakudya zophika zinali kupita kwa alimi a nkhumba. Podikila motoka mpamene amafunsana za odwala ndi za mitengo ya zinthu. Wina akasowa masiku angapo, anzake amadabwa.

Sikuti anthuwa anabadwa aukhondo. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, Taiwan anali kunenedwa kuti cisumbu ca zinyalala, malo otayila atadzala ndipo midzi ikukana kulandila zinyalala za m'tauni. Kumapeto kwa zaka zimenezo khonsolo ya Taipei inalamula kuti zinyalala zisagunde pansi: zicoke m'nyumba ndi kulowa mu motoka. Mu Julayi 2000 anaonjeza lamulo lina, lakuti zinyalala wamba ziikidwe m'matumba a khonsolo ogula ku sitolo, pomwe zobwezela ku fakitale zitengedwa kwaulele. Wotaya zambili alipila zambili. Anthu anayamba kusankhula okha kuti asaononge ndalama.

Tsopano tiyeni tibwele kwathu. Sitifuna kukumbutsidwa mmene ngalande za mu Kalikiliki, Mtendere, Kanyama ndi George zimakhalila mvula ikayamba. Mapulasitiki ndi matewela atseka njila ya madzi, madzi asefukila m'zimbudzi zokumba, kenaka alowa m'zitsime zosazama momwe ena atunga. Umu ndimo kolela ayendela. Mlili wa 2017 ndi 2018 unacititsa boma kutumiza asilikali kukasesa m'tauni. Wa 2023 ndi 2024 unapha anthu oposa 700 m'dziko muno, bwalo la Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale 2024. A Levy Mwanawasa anakhazikitsa Keep Zambia Clean and Healthy mu 2007, a Edgar Lungu naidzutsanso mu 2018. Timatuluka ndi matsache tsiku limodzi, mlungu usanathe mulu wabwelela pomwe unali.

Bambo wina wacikulile anatsutsa, ndipo anali ndi mfundo. Anati ku Taiwan kuli miseu ya tala ndi ndalama, pomwe tunjila twathu tina ngakhale wilibala ipita movutikila. Anatinso ena amalipila otola zinyalala koma mwezi umatha osawaona. Izi n'zoona, ndipo madzi a m'mipope, ngalande zabwino ndi motoka yopita ku Chunga ndi udindo wa boma ndi khonsolo. Tipitilize kuwafunsa makhansala athu mosaopa.

Koma pa zimene tinamva, zitatu sizifuna tala. Coyamba ndi nthawi yodziwika. Ngati anyamata a mawilibala angagwilizane ndi anthu a cigawo cimodzi za tsiku ndi ola, n'kumaliza wezulo pofika, sipangakhale cifukwa cotumila mwana kukataya thumba mu ngalande usiku. Caciwili ndi kusankhula. Makoko a mbatata, masamba a lepu ndi phulusa ndi manyowa a pa dimba, ndipo alimi a ku Chongwe amene alila mtengo wa feteleza adziwa phindu lake. Mabotolo a pulasitiki ali ndi ogula muno mu Lusaka. Cacitatu ndi kuonana. Munthu amacita manyazi kutaya poipa pamene anansi onse aimilila pamodzi ndi matumba ao.

Miphakati yathu ikumana mlungu uliwonse, ndipo maliro akagwa timasonkha ufa ndi makala popanda wotikakamiza. Tikupempha atsogoleli a miphakati kuti nkhani ya tsiku ndi ola lotayila zinyalala ikhale pa msonkhano wotsatila, mvula isanagwe. Mnyamata uja wavomela kuyenda m'zigawo kukafotokoza yekha zimene anaona. Ofuna kumuitana auze akatekisiti pambuyo pa Misa.