Kusamala ndi Kukonza Mipando ya Galimoto ndi Zishalo za Njinga

 Lero tikamba za kung'aluka kwa mipando ya galimoto, makhushoni a njinga zamoto ndi a kabaza, ndiponso zishalo zachikopa. Ambiri ayesa nkhani imeneyi yaing'ono, koma mpando wong'ambika ulowetsa madzi a mvula, siponji ya m'kati ifumbwa, zitsulo zichita dzimbiri, ndipo potsiriza mwini wake ataya ndalama imene akadagulira mbeu kapena feteleza. Nayenso wa kabaza adziwa kuti wokwera ayamba wayang'ana khushoni asanasankhe njinga.

Mitundu iwiri ya zokutira

Pamene njanji inafika ku Salima m'chaka cha 1935, magalimoto anayamba kutsika kuchokera ku Lilongwe kudzatula katundu pa siteshoni, ndipo mipando yambiri ya masiku amenewo inali yachikopa. Lero yambiri ndi ya pulasitiki yofewa yotchedwa vinyl, imene ena m'masitolo angoti rexine. Pulasitiki imeneyi payokha ndi youma gwa ngati mapaipi amadzi. M'chaka cha 1926 munthu wina wa ku America, dzina lake Waldo Semon, anapeza njira yoifewetsera poisakaniza ndi mankhwala onga mafuta, ndipo pambuyo pake anthu anayamba kuimata pa nsalu kuti ioneke ngati chikopa.

Musanakonze mpando, yambani mwadziwa mtundu wake, chifukwa mankhwala a chimodzi sathandiza chinzake. Tembenuzani pamene pang'ambikapo. Mukaona nsalu yoluka kunsi kwake, imeneyo ndi pulasitiki. Mukaona timaubweya tofewa, ndipo pakununkhira ngati nsapato yatsopano, chimenecho ndi chikopa chenicheni.

Chifukwa chake zing'aluka msanga kuno

Dziko lathu lino ndi lotsika. Nyanja ili pa mamita ngati 470 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe apitirira mamita 1,000. Chifukwa cha ichi kuno kutentha kwambiri, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene ngakhale pamthunzi kutentha kupitirira madigiri 30. Mpando wakuda wosiyidwa padzuwa ungathe kufika madigiri 60, ndipo inu nomwe mudziwa m'mene uwotchera munthu akakhalapo.

Kutentha kotereku kumatulutsa pang'onopang'ono mankhwala ofewetsa aja m'pulasitiki. Akatuluka sabwereranso. Pulasitiki iuma, ndipo munthu akakhalapo ithyoka m'malo mopindika. Petulo ndi palafini zitulutsanso mankhwala omwewo mwamsanga, tsono musatsuke nazo mpando ai.

Chikopa chili ndi njira yake. Icho chipangidwa ndi timitsitsi tambirimbiri tolukana, ndipo pofufuta amaikamo mafuta kuti timitsitsito tizitsetsereka bwino. Chikanyowa ndi mvula kapena thukuta, kenaka nkuuma padzuwa lamphamvu, mafuta aja achepa ndipo timitsitsi tiduka. Mchenga wa kunyanja nawo ulowa m'misoko ndi kudya ulusi monga tupa adyera chitsulo.

Kukonza mpando wa pulasitiki

Akulu anati mmera mpoyamba. Mng'alu ukadali waufupi ngati chala ndi wosavuta kukonza. Chitani motere.

Poyamba tsukani malowo ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, ndipo muwasiye aume pamthunzi. Ngati siponji ya m'kati yanyowa, dikirani kufikira itauma ndithu. Ngati yakumbika, dulani kachidutswa ka siponji ina ndi kutsekapo kuti pasakhale dzenje.

Chachiwiri, metani ndi lumo timapeto tonse touma ndi topindika. Kenaka dulani chigamba cha nsalu yolimba, monga ya tenti kapena ya buluku lakale la jinzi, chopitirira mng'aluwo ndi zala ziwiri mbali zonse. Makona ake muwadule mozungulira kuti asapindike.

Chachitatu, lowetsani chigambacho m'kati, kunsi kwa mng'alu, ndi kuchiyala bwino ndi kamtengo kosalala. Ambiri alakwa pomata chigamba pamwamba. Guluu sagwira nthawi yaitali pa nkhope yosalala ya pulasitiki, koma agwira zolimba pa nsalu ya kunsi kwake.

Chachinai, tengani guluu amene osoka nsapato amatira masole, ndi kupaka pang'ono pa chigamba ndi kunsi kwa pulasitiki. Apa mpofunika kudekha. Dikirani mphindi ngati 10, kufikira guluu asiye kukakamira ku chala, ndipo pamenepo kokani mbali ziwirizo zikumane, nimusindikize kolimba. Ikanipo thumba la mchenga usiku wonse. Ntchito imeneyi muichitire panja, kutali ndi moto ndi nyali ya koloboyi, chifukwa mpweya wa guluuyu uyaka msanga ndipo uzunguza mutu. Guluu wa m'timachubu ting'onoting'ono wouma pompo sayenera pa mpando, popeza auma ngati galasi ndi kuthyokanso. Tepi nayenso amatuka dzuwa likatentha.

Ngati womwe wamasuka ndi msoko, usokeni ndi ulusi wa nailoni umene asodzi asokera maukonde, potsata maboo akale. Mukaboola atsopano, muwatalikitse, chifukwa maboo oyandikana ang'amba pulasitiki monga sitampa ing'ambikira pa timaboo take.

Koma pindani pulasitikiyo ndi zala. Mukaona kuti ithyoka paliponse, dziwani kuti yatha ntchito, ndipo chigamba chingokutayitsani guluu. Pitani nayo kwa mmisiri wa mipando pa boma kapena ku Lilongwe. Musataye chokutira chakalecho, pakuti mmisiri achiphwasula ndi kuyezerapo chatsopano.

Kukonza chikopa

Chikopa chong'ambika chikonzedwa ndi chigamba cha m'kati monga tanena kale, koma icho chilola kusokedwa bwino koposa pulasitiki. Nolani sipoko ya njinga ikhale choboolera. Pakani phula la njuchi pa ulusi, ikani singano ku nsonga zake zonse ziwiri, ndipo singano zonsezo zidutse pa boo lililonse, ina kuchokera uku, ina kuchokera uko. Msoko wotere sumasuka wonse ngakhale ulusi uduke pamalo amodzi.

Chikopa chouma chifuna kudyetsedwa. Mafuta a nsatsi, amene agogo athu ankadzola, ndi abwino pa ntchito imeneyi. Abwinonso ndi mafuta oyandama pamwamba pophika ziboda za ng'ombe. Sungunulani gawo limodzi la phula m'magawo atatu a mafuta pa moto wochepa, ndipo zikazizira pakani pang'ono ndi kansalu, chikopa chili choyera ndi chouma. Mmawa mwake pukutani otsala. Kawiri pa chaka nkokwanira: dzinja lisanayambe, ndi pamene mvula yatha. Zingwe zachikopa za pa goli la ng'ombe muzichite chimodzimodzi. Kumbukirani kuti njere za nsatsi ndi zotsalira zake ndi poizoni kwa ana ndi ziweto.

Pa chishalo cha njinga pakani kunsi kwake, ndipo musachulukitse, kuopa kuti chingatamuke ndi kubwafuka. Chikalenda, mangani pang'ono naiti imene ili kutsogolo kunsi kwa chishalo. Oilo wakuda wa m'injini musamuike pa chikopa, ndiponso mafuta ophikira aitana makoswe ndi nyerere. Chuku chikamera m'dzinja, pukutani ndi viniga wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana, ndi kuumitsa pamthunzi pamene papita mphepo.

Zinthu ziwiri zosayenera kusoka

Lamba wodzimangira m'galimoto akayamba kuduka, musamusoke ai. Gulani wina, chifukwa msoko wapamanja sungagwire munthu pa ngozi. Ndiponso magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi thumba la mpweya lobisika m'mbali mwa mpando, limene lituluka pong'amba msoko galimoto ikagundidwa. Pamalopo pamakhala polembedwa kuti SRS kapena Airbag. Mukasokapo ndi ulusi wolimba, kapena kuvekapo chokutira chothina, thumbalo lingalephere kutuluka. Msoko umenewo usiyireni amisiri odziwa.

Mau kwa mafumu

Inu eni midzi, katundu wa gulu ndiye aonongeka msanga, chifukwa aliyense ayesa kuti mnzake asamala. Ngati m'mudzi mwanu muli njinga yonyamulira odwala, kapena galimoto ya kalabu ya alimi, sankhani munthu mmodzi woiyang'anira, ndipo muimangire chisakasa. Mthunzi wa mtengo wa mango, kapena chiguduli choyala pa mpando masana, ziteteza koposa mankhwala ogula. Letsani anthu kutentha pulasitiki ndi siponji zakale pafupi ndi nyumba, pakuti utsi wake uli ndi poizoni woononga mapapo, makamaka a ana. Limbikitsaninso anyamata ndi atsikana kuphunzira ntchito imeneyi kwa osoka nsapato ndi matelala, popeza njinga zachuluka ndipo ndalama yokonzetsera ingathe kutsala m'mudzi momwemo.

Mvula isanagwe chaka chino, aliyense ayang'ane mpando wake ndi chishalo chake.