Tulo ta Kumapiri

Anthu a kuno ku Kandeu amene amakwera kukapikula mbatata ya kachewere ku Tsangano kapena ndiwo zamasamba ku Lizulu amabwerako akudandaula kuti kumtundako tulo sitibwera bwino. Ana athu opita ku Johannesburg nawonso amanena zomwezo m'masabata oyamba. Ambiri amati vuto ndi mpweya wa kumapiri. Kodi ndi zoona?

Thupi lathu lili ndi wotchi yake. Mu ubongo muli kachigawo kakang'ono kamene kamamva kuchokera m'maso ngati kunja kwacha kapena kwada. Kukada, kachiwalo kotchedwa pineal kamatulutsa melatonin, mankhwala achilengedwe amene amauza thupi lonse kuti nthawi yopuma yakwana. Kuwala kukalowa m'maso, melatonin amachepa. Wotchi yomweyi ndiyo imakonza nthawi ya njala ndi kutentha kwa thupi, ndipo mu 2017 Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mphoto ya Nobel chifukwa chotulukira m'mene imayendera m'maselo.

Munthu akamakwera, mpweya umapepuka, ndipo akapuma kamodzi okosijeni wolowa m'magazi amakhala wochepa. Thupi limayamba kupuma mofulumira ndipo mtima umathamanga. Impso zimatulutsa mankhwala olamula mafupa kupanga maselo ofiira ambiri, ntchito yotenga masabata komanso yofuna ayironi wa m'nyemba, bonongwe ndi chisoso. Thupi limatentha chakudya msanga pomwe chilakolako cha kudya chatsika, ndipo madzi ambiri amatuluka ndi mpweya. Usiku kupuma kumadukizaduka: munthu amapuma mwamphamvu, kenaka n'kuima masekondi angapo, n'kudzidzimuka ngati wina wam'tseka pakamwa. Tulo totere timasokoneza wotchi ija.

Komatu zimenezi zimavuta kwenikweni munthu akapitirira mamita 2,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, Johannesburg pafupifupi 1,750. Pamenepa munthu wathanzi amangomva wefuwefu pachitunda kwa masiku ochepa, basi. Kwathu kuno malo ofika pa msinkhu wovutawo ndi nsonga za mapiri monga Sapitwa wa ku Mulanje, wa mamita 3,002. Atsogoleri a Pathfinder otenga ana kukwera phiri akwere nawo pang'onopang'ono, awamwetse madzi pafupipafupi, ndipo mwana akadandaula mutu waukulu, kusanza kapena kudzandira, atsike naye osadikira m'mawa. Odwala mtima, mphumu, sickle cell kapena ochepa magazi ayambe afunsa kuchipatala.

Ine ndikuona kuti phiri timalinamizira. Wopikula mbatata amadzuka 2 koloko usiku kuthamangira lole, amadya nsima mochedwa, n'kugona pa thumba m'chisanu cha Juni. Mnyamata wa ku Joni amalondera usiku pansi pa magetsi owala ngati masana, ndipo akafika pogona amatsegula WhatsApp kucheza ndi akumudzi. Melatonin atuluka nthawi yanji? Amene akugona usana atchinge zenera ndi nsalu yochindikala. Enafe tiike foni patali ola limodzi tisanagone, chakudya chamadzulo chikhale chopepuka ndi chofulumira, ndipo m'mawa tituluke tikaothere dzuwa, pakuti kuwala kwa m'mamawa ndiko kumatchera wotchi ya thupi. Tiyi ndi khofi, amene ena amamwa kuti afunde, amangothamangitsa tulo totsalato.

Amayi opita kumtunda asadabwenso nyemba zikachedwa kupsa. Ku Dedza madzi amawira asanatenthe ngati kunyanja, pa madigiri pafupifupi 95, choncho ndi bwino kuziviika usiku.

Choopsa chenicheni cha kumalo ozizira ndi mbaula. Makala oyaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndiponso wosanunkha, umene umalanda malo a okosijeni m'magazi. Munthu amamva mutu ndi chizungulire, amayesa ndi kutopa kwa ulendo, n'kugona osadzukanso. Otherani mbaula pakhonde ndipo isalowe kuchipinda chogona. Mukamatumiza uthenga kwa mwana wanu ku Joni nyengo yachisanu ino, mufunseni chimene akufundira usiku. Ngati ndi makala, agule bulangete lachiwiri asanatumize ndalama kumudzi.