Ana a Autism pa Bwalo la Masewera

Mwana wa autism amafuna kusewera ngati anzake, koma za pabwalo zimamuchulukira: wezulo, kukuwa, kukankhana. Ena amatseka makutu n'kuthawira pambali, anthu n'kumati ndi mwano. Si mwano ayi; phokoso limawapweteka kuposa mmene limachitira anzawo.

Chomuthandiza kwambiri ndi dongosolo losasinthasintha. Masewera olandizana monga phada ndi bawo kawirikawiri amamuyenera kuposa chipako, chifukwa amadziwiratu chotsatira. Woyang'anira amusonyeze ndi manja m'malo mochulutsa mawu, ayambe ndi ana awiri kapena atatu, ndipo pakhale malo aphee opumirapo. Kumukakamiza kuyang'ana munthu m'maso n'kungomuzunza.

Kusewera pamodzi ndi ena n'kotheka: bungwe la Special Olympics, lomwe linachititsa mpikisano wake woyamba ku Chicago mu 1968, m'masewera ake ena limaika m'timu imodzi osewera a ulumali wa ubongo, kuphatikizapo ena a autism, ndi anzawo opanda ulumali.