Zotsatira za Magazi Zikaonetsa Kuti Cortisol Wakwera

Munthu akalandira pepala la zotsatira za magazi n'kumva kuti china chake "chakwera", mtima umamugunda. Ena amaganiza kuti imfa yafika, ena amangopinda pepalalo n'kuliiwala m'thumba. Njira ziwiri zonsezi n'zolakwika. M'phunziro lino tiona tanthauzo la kukwera kwa cortisol, ndi njira yoyenera kutsata kufikira titaonana ndi dokotala wodziwa bwino za matendawa.

Kodi cortisol n'chiyani?

Cortisol ndi imodzi mwa mahomoni, timadzi timene thupi limapanga lokha kuti tizinyamula uthenga m'magazi. Amapangidwa ndi tiziwalo tiwiri totchedwa adrenal timene tili pamwamba pa impso. Tiziwaloti timalamulidwa ndi kachiwalo kena kotchedwa pituitary, kakang'ono ngati njere ya nandolo, kamene kali kunsi kwa ubongo. Ntchito ya cortisol ndi kusunga shuga wa m'magazi ndi kathamangidwe ka magazi pa mlingo woyenera, ndiponso kulimbitsa thupi pa nthawi ya matenda kapena ngozi. Popanda iyeyu munthu sangakhale ndi moyo.

Nambala imodzi si chigamulo

Cortisol sakhala pa mlingo umodzi tsiku lonse. Amakwera kwambiri m'mawa podzuka, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka pakati pa usiku. Choncho mlingo umene ndi wabwinobwino pa 8 koloko m'mawa ungakhale wodetsa nkhawa pa 12 koloko usiku. Amakweranso munthu akamadwala, akamamva ululu, akakhala ndi nkhawa yaikulu kapena akamamwa mowa mopitirira. Amayi oyembekezera ndi amene akumwa mapiritsi olerera okhala ndi oestrogen nawonso zotsatira zawo zimaoneka zokwera ngakhale ali bwinobwino.

Tisamalenso ndi miyeso. Zipatala zina zimalemba mu nmol/L, zina mu µg/dL. Magazi amene pepala lina lalemba 20 µg/dL, pepala lina lidzalemba pafupifupi 550 nmol/L. N'chifukwa chake si bwino kuyerekeza pepala lanu ndi la mnansi wanu.

Pamene kukwerako kuli matenda

Cortisol akachuluka kwa miyezi yambiri amabweretsa matenda a Cushing, dzina lochokera kwa Harvey Cushing, dokotala wa ku America amene anawafotokoza m'chaka cha 1912. Zizindikiro zake ndi izi:

1. Nkhope yobulungira ndi mimba yaikulu, pamene manja ndi miyendo zikuwonda.
2. Mafuta ounjikana kumbuyo kwa khosi.
3. Mizere yofiirira, yotakata kuposa sentimita imodzi, pamimba kapena m'ntchafu.
4. Kufooka kwa ntchafu, kotero kuti munthu amavutika kudzuka pampando.
5. Kuthamanga kwa magazi ndi shuga amene sakumva mankhwala.
6. Kusokonekera kwa msambo ndi kumera ndevu kwa amayi.
7. Mwana kunenepa pamene wasiya kukula msinkhu.

Kawirikawiri matendawa amayamba ndi mankhwala a gulu la steroid amene amagwira ntchito ngati cortisol, monga prednisolone ndi dexamethasone, munthu akawamwa kwa nthawi yaitali chifukwa cha mphumu kapena nyamakazi. Mafuta ena oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika alinso ndi mankhwala oterewa, ndipo amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Chenjezo lalikulu ndi ili: amene wamwa mankhwalawa kwa milungu yambiri asawasiye mwadzidzidzi, popeza thupi lake limakhala litaleka kupanga cortisol wakewake ndipo akhoza kukomoka ngakhale kufa kumene. Dokotala ndiye amachepetsa mlingo pang'onopang'ono.

Ngati gwero si mankhwala, nthawi zambiri pamakhala kachotupa mu pituitary, kamene kawirikawiri si khansa. Nthawi zina chotupacho chimakhala mu adrenal kapena m'mapapo.

Kutsimikizira

Dokotala satsimikiza matenda a Cushing ndi magazi otengedwa kamodzi. Angakuuzeni kuti musonkhanitse mkodzo wa maola 24, kapena mupereke malovu a usiku kwambiri. Angakupatseninso piritsi la dexamethasone la 1 mg kuti mumwe pa 11 koloko usiku, magazi n'kutengedwa pa 8 koloko m'mawa. Mwa munthu wabwino cortisol amatsika kufika pansi pa 50 nmol/L. Akapanda kutsika, kufufuza kumapitirira. Matenda akatsimikizika, m'pamene amayeza homoni ya ACTH ndi kujambula mutu kapena mimba pofuna kupeza gwero lake. Chotupa chikapezeka chimachotsedwa pa opaleshoni, ndipo ambiri amachira. Matendawa akalekereredwa amaononga mtima, amafewetsa mafupa, nafooketsa chitetezo cha thupi.

Ufulu ndi udindo wanu

Katswiri wa matendawa amatchedwa endocrinologist. Akatswiri otere ndi ochepa, choncho njira yake ndi ya makwerero: chipatala chaching'ono cha kwanu, chipatala cha boma kapena cha mishoni, kenaka chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, kumene kuli madokotala a matenda a m'kati mwa thupi.

Muli ndi ufulu wofotokozeredwa zotsatira zanu m'chilankhulo chimene mukumva, ndiponso wopempha kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu. Funsani mwaulemu koma mosaopa: Kodi magaziwa anatengedwa nthawi yanji? Kodi ayezedwenso? Kodi ndibwerenso liti? Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Udindo wanu ndi kusunga bukhu la kuchipatala ndi mapepala onse, kunyamula mankhwala onse amene mukumwa kapena kudzola, ngakhale a zitsamba ndi ma ARV, ndi kunena zoona. Chithunzi chanu cha zaka zapitazo chimathandizanso dokotala kuona mmene nkhope yasinthira.

Nafenso a m'miphakati tili ndi gawo lathu. Mnzathu akasintha maonekedwe tisamuseke kapena kuthamangira kunena za ufiti. Timuperekeze kuchipatala, ndipo tisonkhe kangachepe ka ulendo, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mafunso okambirana m'magulu

1. N'chifukwa chiyani kuyeza magazi kamodzi sikokwanira?
2. Ndi mankhwala ati amene anthu a m'dera lathu amagula popanda chilolezo cha dokotala?
3. Mphakati wathu ungathandize bwanji wodwala amene watumizidwa ku chipatala chachikulu?