Madimba m'Nyengo ya Chilimwe

Mwezi wa Okutobala dzuŵa limaswa mtengo. M'minda ya kumtunda mumatsala mapesi okhaokha, thengo limakhala lupsa, ndipo nthaka imaotcha kumapazi. Koma munthu akatsetsereka kupita kudambo amapeza masamba obiriŵira ndi kamphepo kozizira. Kumeneku ndiko kumadimba.

Kodi madzi amachokera kuti pamene mvula inaleka kale mu Epulo? Dambo lili ngati chinkhupule. Mvula ikamagwa m'dzinja, madzi ena amaloŵa pansi m'mapiri ndi m'zitunda, nayenda pang'onopang'ono kunsi kwa nthaka mpaka kukafika kudambo. Kumeneko dothi lakuda la makande limawasunga miyezi yambiri. N'chifukwa chake mlimi akakumba chitsime chongolekeza m'chiuno kapena m'khosi, madzi amatuluka.

Mlendo woyendera madimba dzuŵa lili paliwombo sapeza anthu ambiri akuthirira. Alimi amathirira m'mamaŵa ndi madzulo, pakuti madzi othira masana amauma asanafike kumizu. Komabe masanawo ndiyo nthaŵi yabwino yozindikira mlimi waluso. Mabedi ake amakhala ophimbidwa ndi udzu wouma, ndipo munthu akapisa dzanja pansi pa udzuwo amapeza dothi lozizira, lachinyontho. Mbande za panazale amazimangira kathandala kuti zisapse. Pamene mpiru wa mnzake wagona ndi dzuŵa, wake umakhala chiimire.

Mpanda nawonso ndi wofunika kwambiri. M'chilimwe mbuzi ndi ng'ombe zimasoŵa msipu, tsono zikangopeza poboola, ntchito ya miyezi iŵiri imatha tsiku limodzi.

M'madimba mumalimidwa matimati, anyezi, kabichi, nyemba ndi nkhwani, ndipo m'mphepete mumakhala nthochi ndi nzimbe. Chimanga chobzalidwa mu Seputembala chimadyedwa mondokwa mu Disembala, nthaŵi imene nkhokwe zambiri zayamba kupepuka. Zotsala zimapita kumsika. Apaulendo odutsa pa Lizulu m'boma la Ntcheu kapena pa Bembeke ku Dedza amaona milu ya matimati ndi kabichi m'mbali mwa msewu.

Alipo ena amene amadula bango nalima mpaka pagombe penipeni pa mtsinje, kuti madzi akhale pafupi. Alangizi a zaulimi amaletsa zimenezi. Mizu ya bango ndiyo imagwira dothi. Ikachoka, mvula yoyamba imagumula gombe, nikokolola mabedi pamodzi ndi mbewu zake.